Chitosi cha magazi pa anapiye: kodi nimu ndi alovera zikwanira?

Msoti_wa_Mponela:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Anapiye 100 a Mikolongwe, a masabata 4, ali m'khola la utuchi, akudya chosakaniza pakhomo, madeya, soya wokazinga ndi usipa pang'ono. Kuyambira dzulo ena akuchita chitosi cha magazi, angounjikana pakona ali zyoli, mapiko pansi, nthenga nyankhalala. Atatu afa usiku. Wina akuti nimu, wina alovera, wina nthanga za papaya. Chenicheni n'chiti, ndipo muyezo wake ndi wotani pa lita ya madzi?

Kambuzi77:
Sinjani kambuzi ndi adyo, thirani m'madzi. Mawa adzuka akuthamangitsana.

KholaLouma:
A Msoti, musanasinje kalikonse, tumbulani mmodzi mwa akufawo. Tsatirani matumbo mpaka chakufupi ndi kotulukira chitosi. Pamenepo pali timatumbo tiwiri tapadera, tonga timatumba, totseka kunsonga. Mukatipeza titatupa, todzaza magazi kapena zoundana zonga chiwindi, ameneyo ndi kokisi (coccidiosis), matenda a tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'matumbo, ndipo masabata 3 mpaka 6 ndiye msinkhu wake weniweni. Onaninso nyama ya m'ntchafu. Ikakhala ndi timadontho ta magazi, ndipo kathumba ka pamwamba pa kotulukira chitosi katatupa, ganizirani za gumboro, amene ndi matenda ena ndipo mankhwala a kokisi samukhudza.

Ngati ndi kokisi, masamba asiyeni kaye. Tizilombo take, totchedwa Eimeria, sitisambira m'matumbo ngati nyongolotsi ayi. Timalowa m'kati mwa khungu la matumbo, kuswana momwemo, kenako kuliphulitsa potuluka. Magazi amaoneka patapita masiku 4 kapena 5 chimezereni tizilomboto, kutanthauza kuti pamene mukuona chitosi chofiiracho matumbo ang'ambika kale, ndipo anzawo amene akuoneka amoyowo ali m'njira yomweyo. Pitani lero kogulitsa mankhwala a ziweto mukagule amprolium. Waufa wa 20% amathira magalamu 1.2 pa lita, ndiye kuti magalamu 24 pa chigubu cha malita 20, kwa masiku 5 mpaka 7. Paketi ya magalamu 100 imakwana malita pafupifupi 80. Werengani pa paketipo chifukwa mphamvu zimasiyana. Khola lonse limwe, osati odwala okha, ndipo pasakhale madzi ena pambali.

Gogo_Nimu:
Koma inu a KholaLouma, si aliyense ali pafupi ndi sitolo. Nkhuku zachikuda zakula ndi nimu ndi muwawani kuyambira kale, m'midzi simunathe nkhuku. Kapangidwe kake nkosavuta. Masamba a nimu okhwima odzaza dzanja limodzi, sinjani, viikani m'malita 5 a madzi usiku wonse, m'mawa sefani ndi kansalu. Perekani masiku 3, pumitsani. Osawiritsa mpaka kubwadamuka, mphamvu imachepa ndipo kuwawa kumangowonjezeka.

Thadzi_Lakuda:
Agogo, zoti m'midzi simunathe nkhuku n'zoona, koma chifukwa chake si nimu yekha. Mwanapiye woyenda ndi make pabwalo amameza timazira ta kokisi tochepa tsiku lililonse, dzuwa likuumitsa chitosi, ndipo thupi limazolowera pang'onopang'ono mpaka kupanga chitetezo. Anapiye 100 otsekeredwa pa utuchi ndi nkhani ina. Kadzira kamodzi kakamezedwa, pakatha sabata mwanapiyeyo amatulutsa timazira zikwizikwi. Timazirato tikangotuluka sitidwalitsa, timafuna tsiku limodzi kapena awiri pamalo ofunda, a chinyezi, kuti tikhwime. Pansi pa chomwera chodontha m'nyengo ya mvula ndiye pachimake. Choncho a m'khola amameza mulu pa kamodzi chitetezo chisanabwere. Madzi a nimu amene angathandize thadzi lapabwalo sangagwire liwiro limenelo.

Vuto lachiwiri ndi kuwawa. Mwanapiye wodwala kokisi amayamba kusiya kudya, koma madzi amamwabe, n'chifukwa chake mankhwala ake amadzera m'madzi. Mukawawitsa madziwo amasiyanso kumwa, pamene akutaya kale magazi ndi madzi m'thupi. Ambiri oterewa amafa ndi ludzu chomwera chili chodzaza.

Gogo_Nimu:
Nde mukuti nimu ndi wachabe?

Thadzi_Lakuda:
Ayi agogo, ndikuti malo ake ndi matenda asanabuke, ndiponso m'chakudya osati m'madzi. Yanikani masamba pamthunzi mpaka azifufuzika m'manja akadali obiriwira, sinjani, sefani. Magalamu 5 pa kilogalamu ya chakudya, ndiye kuti kotala ya kilogalamu pa thumba la makilogalamu 50. Sakanizani kaye ufawo ndi chakudya cha m'mbale imodzi, kenako mbaleyo ndi thumba lonse, apo ayi ena adya mulu ena osalawa. Mukapyola kwambiri muyezo umenewu anapiye amachepetsa kudya ndipo amapinimbira. Zimene mungayembekezere ndi kuchepa kwa timazira totuluka m'chitosi, osati kutheratu.

Mtengo_wa_Nchalo:
Poti mwatchula nimu, onetsetsani kuti ndi nimudi. Ku Lilongwe, Dedza ndi madera ena ozizira anthu ambiri amathyola indya n'kumati nimu. Nimu amakonda kotentha, Chikwawa, Nsanje, Salima, Mangochi. Tsamba lake ndi phesi limodzi lokhala ndi timasamba mbali ziwiri, maluwa oyera, zipatso zotalikirako zimene zimayoyoka zikapsa. Tsamba la indya limagawikanso timphanda, maluwa ake ndi ofiirira motuwa, zipatso zozungulira zachikasu zimakangamira mumtengo ngakhale masamba atayoyoka. Zipatso za indya ndi poizoni, ku nkhumba, ku nkhuku ngakhale kwa ana.

Kambuzi77:
Inu mukutalikitsa. Kambuzi amatentha tizilombo m'mimba, nkhuku imachita kudzidzimuka.

KholaLouma:
A Kambuzi, kuwawa kwa tsabola kumamveka kwa ife ndi nyama zoyamwitsa. Mbalame sizikumva, n'chifukwa chake zimadya kambuzi m'munda ngati mapira. Nkhuku sidzidzimuka, ndipo kachilombo kamene kali m'kati mwa khungu la matumbo sikapsa ndi tsabola. Chimene chimanyenga anthu n'choti kokisi amadzitha yekha. Ofooka amafa pa masiku atatu anayi oyambawo, otsalawo amachira ndi chitetezo chawo, ndiye chilichonse chimene munathira pa tsiku lachitatu chimatenga ulemu.

Kambuzi77:
Chabwino, koma adyo musamunyoze.

Mai_a_Zinziri:
Adyo palibe akumunyoza, koma ambiri amamuwononga pokonza. Mphamvu yake imatuluka akaphwanyidwa. Tswanyani mano awiri pa lita ya madzi, siyani mphindi 10 musanathire, osaphika. Madziwo asagone, konzani ena m'mawa uliwonse, ndipo masiku 2 kapena 3 pa sabata akwana. Amathandiza kwambiri pa mabakiteriya a m'matumbo amene amalowerera pa zilonda za kokisi. Wochuluka tsiku ndi tsiku amawononga magazi a nkhuku, ndipo ku zoikira fungo limafika m'dzira.

Za alovera ndiye ndichenjeze zenizeni, chifukwa ambiri amangoduladula tsamba lonse n'kuponya m'chomwera. M'tsambamo muli zinthu ziwiri. Pansi pa khungu pali madzi achikasu owawa, amenewo amatsegula m'mimba, ndipo kuwapereka kwa mwanapiye wotsegula kale ndi kumumaliza. Chofunika ndi chonanda choyera cha pakati. Dulani tsamba lokhwima kutsinde, liimikeni m'kapu chodulacho chili pansi kwa mphindi 20 kuti zachikasuzo zikhe, sendani, tsukani chonandacho, phwanyani mpaka chisungunuke. Supuni imodzi yaikulu pa lita. Chimafewetsa matumbo pochira ndipo sichiwawitsa madzi. Koma chimasiya ndere zoterera m'chomwera, tsukani tsiku lililonse.

Chiputu_Mchinji:
Nanga nthanga za papaya zija palibe wayankha. Ine ndimadziwa kuti n'za nyongolotsi.

Thadzi_Lakuda:
Mwalasa a Chiputu, ndipo apa m'pamene anthu amasokoneza. "Tizilombo ta m'mimba" ndi mawu amodzi koma adani ndi awiri. Kokisi saoneka ndi maso, amapha msanga, amakonda anapiye. Nyongolotsi zimaoneka, zimapha mochedwa, zimakonda misoti ndi nkhuku zoyenda pabwalo. Zizindikiro zake ndi kuwonda nkhuku ikudya bwino, fupa la pachifuwa lakuthwa ngati mpeni, nkhope yotuwa, mazira kuchepa. Mukang'amba matumbo motalika mupeza zoyera zozungulira, zina zofika masentimita 10, nthawi zina zopiringizana mpaka kutseka njira. Zimenezi zimatenga masabata 5 mpaka 8 kuti zikule, ndiye mwanapiye wa masabata 4 wa m'khola kufa ndi nyongolotsi n'kovuta.

Palinso zaphanthiphanthi zonga lamba, zimene tizidutswa take timatuluka m'chitosi ngati timpunga. Izo sizichoka nkhuku kupita ku nkhuku mwachindunji, zimadzera mwa nyerere, tizikumbu ndi ntchentche zimene nkhuku imatola.

Nthanga za papaya zimagwira ntchito pa zozungulirazo. Tengani za papaya wakupsa, tsukani, yanikani pamthunzi mpaka ziume gwa, sinjani tsiku lomwe mukuperekalo chifukwa ufa wogona umatha fungo ndi mphamvu yomwe. Supuni yaing'ono imodzi pa nkhuku zazikulu 5, m'madeya onyowetsa pang'ono, m'mawa zisanadye china, masiku 5 otsatizana. Bwerezani pakatha masabata 3. Zimachepetsa, sizisesa. Gulu likakhala lowonda kale, gulani mankhwala, ndipo dziwani kuti piperazine amangogwira zozungulira zazikuluzo basi. Levamisole amafika pa zozungulira zamitundu ingapo koma lamba samukhudza.

Chiputu_Mchinji:
Utomoni wa papaya wosapsa nawonso akuti umasungunula nyongolotsi.

Mai_a_Zinziri:
Umasungunuladi, ndi womwe uja timafewetsera nyama yolimba. Koma sudziwa kusiyanitsa nyongolotsi ndi chilonda cha m'matumbo. Kwa anapiye a a Msotiwa ayi ndithu. Nthanga za maungu zosinja ndiye zilibe choopsa, ndi chakudya kale, ngakhale mphamvu yake pa lamba ndi yochepa.

BwanaUtuchi:
Zonsezi mukukamba za m'kamwa mwa nkhuku, koma matendawa ali pansi. A Msoti, tapani utuchi wodzaza dzanja pafupi ndi chomwera, finyani, tambasulani dzanja. Ukayoyoka uli bwino. Ukatsala chibumi wanyowa, ndipo ndi munda wa kokisi umenewo. Utuchi ukhale wokuya masentimita 8 mpaka 10, muziutembenuza, chonyowa chilichonse chichotsedwe tsiku lomwelo. Chomwera chikwezedwe kuti mlomo wake ulingane ndi msana wa anapiye, ndipo muzichikweza sabata iliyonse akamakula. Chikakhala pansi amapondamo ndi kuchitiramo chitosi, n'kumamwa timazira tomwe tija. Ikani pa njerwa ziwiri, kapena pa kabokosi ka waya kuti zodontha zigwere kumene sangapalase.

Makoko_a_Mtedza:
Kwathu utuchi ukusowa, opala matabwa ayamba kugulitsa. Makoko a mtedza bwanji? Ali mbwee pakatha kusenda.

BwanaUtuchi:
Amayamwa bwino koma amachita chuku msanga, ndipo chuku chimenecho chikalowa m'mapapo a anapiye amapuma mobanika, mankhwala ake palibe. Ngati mulibe china, ayanikeni padzuwa masiku angapo ndipo onunkha chinyezi atayeni. Mankhusu a mpunga ndi abwinopo kwa amene ali kufupi ndi zigayo za ku Karonga, Nkhotakota kapena Salima. Pa utuchi sankhani zopalapala za pulena, osati fumbi la sowo limene anapiye amadya n'kutsekeka. Wa matabwa onyikidwa m'mankhwala a chiswe usalowe m'khola.

Chiputu_Mchinji:
Ine ndimaona ngati akanangobaya katemera zonsezi sizikanachitika.

KholaLouma:
Katemera uti a Chiputu? Wa I-2 wodontheza m'diso uja, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi wa chitopa chokha, dontho limodzi pa miyezi 4 iliyonse. Kokisi samudziwa. Chitopa chimabwera ndi chitosi chobiriwira, kupuma movutika, khosi kupindika, ndipo chimagwetsa zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Pa chitopa ndiye palibe tsamba kapena khungwa lochiza, muwawani kaya alovera.

Chimene chasowa kwa a Msoti ndi ichi: chakudya chogula cha anapiye nthawi zambiri chimabwera ndi mankhwala oletsa kokisi osakaniza kale. Chosakaniza pakhomo chilibe. Aliyense wodzipangira chakudya n'kumatsekera anapiye ambiri pamodzi azisunga paketi ya amprolium m'nyumba kuyambira tsiku loyamba.

Gogo_Nimu:
Nanga Artemisia amene ena akudzala ngati tiyi wa malungo uja?

Thadzi_Lakuda:
Mwa masamba onse atchulidwa pano, ameneyo ndiye ali ndi mankhwala odziwika olimbana ndi tizilombo ta mtundu umenewu, chifukwa kachilombo ka malungo ndi ka kokisi ndi apachibale. Koma naye amagwira bwino akamadyedwa m'chakudya matenda asanafike, ndipo mphamvu yake imasiyana mtengo ndi mtengo, malinga ndi mbewu, nthawi yothyola ndi kayanikidwe. Masamba othyola atangotsala pang'ono kuchita maluwa ndiwo amphamvu. Vuto la zitsamba zonse ndi lomweli: dzanja limodzi la lero ndi dzanja limodzi la mwezi wamawa si muyezo umodzi.

Msoti_wa_Mponela:
Ndatumbula awiri. Timatumbo tija tadzaza magazi oundana, ntchafu zili bwinobwino, nyongolotsi palibe. Utuchi wa pa chomwera ukuumbika chibumi. Amprolium ndapeza, andigulitsanso paketi ya mavitamini. Ndithire zonse pamodzi, ndiwonjezeremo ndi nimu?

KholaLouma:
Ayi, amprolium yekha. Mankhwalawa amapha kokisi pomumana vitamini B1. Mapaketi ambiri a mavitamini ali ndi B1 yemweyo, ndiye mukasakaniza mukudyetsa kachilombo kamene mukufuna kukapha ndi njala. Mavitaminiwo asungeni, muyambe tsiku lotsatira mukamaliza mankhwala, kwa masiku 3 mpaka 5. A ndi K ndiwo ofunika kwambiri, woyambayo pokonza khungu la matumbo, winayo pothandiza magazi kuundana. Nimu asalowemo, achepetsa kamwedwe ndipo muyezo wa mankhwala ulephera kukwana.

Sungunulani ufawo m'kapu ya madzi kaye musanathire m'chigubu, ndipo pangani ongokwana tsiku limodzi. Yezani ndi sikelo ngati ilipo. Ngati palibe, supuni yaing'ono yosadzaza mpaka msonga imatenga pafupifupi magalamu 3, ndiye masupuni 8 pa malita 20. Amene sakutha kuyenda apatuleni, muwamwetse ndi sirinji yopanda singano, timadontho m'mbali mwa mlomo, osapopera kukhosi. Imfa ziyenera kuchepa pakatha masiku awiri. Musaleke pamenepo, malizani masiku onse.

Zikapitirira kufa pa tsiku lachitatu, sinthani. Toltrazuril wa 2.5% ndi mililita imodzi pa lita kwa masiku awiri, koma saloledwa ku nkhuku zimene mazira ake akudyedwa, ndipo nyama imadikira masabata awiri kapena kuposerapo monga alembera pa botolo. Mankhwala a sulfa amagwiranso, koma musapyole masiku olembedwa, amawononga impso, makamaka kukatentha pamene nkhuku zimamwa kwambiri. Pamenepo ndi bwino kuitana alangizi a ziweto atenge chitosi ndi wakufa mmodzi akaone pa makina.

Kambuzi77:
Fodya pang'ono m'madzi amatulutsa nyongolotsi zonse, akale ankatero.

Mai_a_Zinziri:
A Kambuzi, chonde. Pakati pa fodya wopha nyongolotsi ndi fodya wopha nkhuku palibe mpata woti munthu angayeze ndi maso. Chimodzimodzi ombwe, amene ena amati mthuthu. Ndi wophera nsomba ndi nsabwe za m'masamba, ntchito yake ku nkhuku ndi kunja, pa utitiri ndi m'zisa, osati m'chomwera.

Mtengo_wa_Nchalo:
Komanso si chitosi chilichonse chachilendo chimene ndi matenda. Nkhuku yabwinobwino imachita kangapo pa tsiku chitosi chabulauni, chonanda, chonunkha kwambiri, chochokera m'timatumbo tiwiri tija. Ambiri akachiona amathamangira kuviika makungwa. Yang'anani nkhukuyo. Ngati ikudya, ikupalasa, maso ali gwa, isiyeni.

Makoko_a_Mtedza:
Ndifunse nawo. Akachira, khola atsuke ndi Jik?

BwanaUtuchi:
Jik amapha mabakiteriya ndi chitopa, koma kadzira ka kokisi kali ndi chikhokho cholimba, sikamumva, ndipo pamthunzi pa chinyezi kamakhala miyezi yambiri. Adani ake ndi kuuma ndi kutentha. Gulu likatuluka, chotsani utuchi wonse, palani pansi mpaka simenti ioneke, tsukani ndi sopo, khuthulirani madzi owira m'ming'alu ndi m'makona, zomwera ndi zodyera zinyikidwe m'madzi owira. Khola likhale lopanda kanthu, mawindo otsegula, masabata awiri. Pansi pa dothi palani dothi lapamwamba, thirani lina louma, tsindirani. Laimu mukawaza akhale pansi pa utuchi, osati pamwamba, amawotcha mapazi. Utuchi wakalewo uwole pa mulu kutali ndi kumene nkhuku zimapalasa usanapite kudimba.

Msoti_wa_Mponela:
Nanga panopa, ali pa mankhwalawa, utuchi ndichotse wonse kapena ndidikire amalize?

BwanaUtuchi:
Lero lomwe chotsani wonyowa wonse, makamaka mozungulira zomwera ndi m'makona momwe akuunjikana, pamwamba ponse thirani wouma wa masentimita 3 kapena 4. Muzibwereza kutapa zamagazi tsiku lililonse timazira tisanakhwime. Fosholo ndi nsapato za m'kholamo zisapite kukhola lina.

Thadzi_Lakuda:
Koma musachite kusesa mpaka pansi kuyera mbee kenako kuwasunga ngati mazira. Amene apulumukawa akupanga chitetezo, ndipo chimakhazikika akamakumanabe ndi timazira tochepa pa utuchi wouma. Chitetezocho ndi cha mtundu wa kokisi umene wawagwirawu basi, ilipo ina ya chapakati pa matumbo imene ingabwere akafika masabata 8 kupita m'tsogolo, ndiye chomwera chodontha chija musachiiwale. Ufa wa nimu m'chakudya muyambe sabata imodzi akamaliza mavitamini, kudya kukabwerera mwakale, ndipo muyambire pa theka la muyezo uja kuti muone ngati sakusiya chakudya m'zodyera.

Gogo_Nimu:
Eya, wapamthunzi ameneyo. Wapadzuwa amasanduka bulauni, ndi zinyalala chabe.